Kodi Maginito Angafike pa Mzimu wa Munthu?

M'chaka cha 1999 dokotala wina wa matenda a maganizo pa yunivesite ya Yale ku America, dzina lake Ralph Hoffman, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wachilendo. Odwala ake anali atatu okha. Onsewo ankamva mawu owayankhula pamene panalibe munthu woyankhula, ndipo mankhwala anali atalephera kuwachotsera mawuwo. Dokotalayo anawakhazika pampando ali maso, n'kuika pamutu pawo, chakumanzere pamwamba pa khutu, kachipangizo ka waya wokulungiza kotulutsa mphamvu ya maginito. Kachipangizoko kankagunda kamodzi pa sekondi iliyonse kwa mphindi zingapo. Awiri mwa odwalawo ananena kuti mawu aja anatsala pang'ono kulekeratu kwa masabata awiri kapena kuposerapo. Chaka chotsatira anayesanso pa odwala 12, ndipo madokotala a m'maiko ena anayamba kutengera njirayo.

Nkhani imeneyi imadzutsa funso limene mkhristu sangalilambalale, pakuti mu Mpingo kumva mawu si chinthu chachilendo. Samuele ali mnyamata anaitanidwa usiku, ndipo wansembe Eli ndiye anamuzindikiritsa kuti womuitanayo anali Chauta. Joan wa ku Arc ananena poyera kuti ankamva mawu a oyera mtima. Anamutentha ku Rouen mu 1431, ndipo Mpingo unamulengeza kuti ndi woyera mu 1920. Tsono ngati kachipangizo ka magetsi kangachepetse mawu amene munthu akumva, kodi ndiye kuti mawu onse otere ndi phokoso chabe la mu ubongo? Nanga amene amaika kachipangizoko pamutu pa mnzake, akukhudza thupi lokha, kapena walowa m'chipinda chimene mwini wake ndi Mulungu?

Matenda amene Hoffman ankalimbana nawo amatchedwa schizophrenia, dzina limene dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, anawapatsa mu 1908. Mu 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati anthu pafupifupi 24 miliyoni anali ndi matendawa, ndiye kuti munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse. Kawirikawiri amayamba munthu akungotha msinkhu kapena ali m'zaka za m'ma 20, nthawi imene makolo amati tsopano mwana uja ayamba kutithandiza. Ambiri mwa odwala amamva mawu. Mawuwo nthawi zambiri si okoma: amatukwana, amanena miseche za wodwalayo ngati anthu awiri akukambirana kuseri kwa nyumba, pena amalamula kuti achite zinthu zoopsa. Ena amakhulupirira kuti pali anthu owalondalonda kapena owathirira mankhwala m'chakudya. Palinso mbali ina yosachita phokoso koma yolemera kwambiri kwa abale: munthu amasiya kucheza, kusamba, kulima, amangokhala pakhonde tsiku lonse, ndipo osadziwa amati ndi ulesi. Kumudzi zonsezi zimangolowa m'thumba limodzi lotchedwa misala.

Kuyambira mu 1952, pamene madokotala a ku Paris anayamba kupereka mankhwala a chlorpromazine, anthu ochuluka apeza mpumulo ndipo abwerera kumabanja awo. Komabe pafupifupi wodwala mmodzi mwa anayi amapitiriza kumva mawu ngakhale akumwa mankhwala mokhulupirika. Anthu amenewa ndiwo amene njira ya maginito inkafuna kuwathandiza.

Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kukamvetsa. Mu 1831 Michael Faraday anapeza kuti mphamvu ya maginito ikamasinthasintha pafupi ndi waya, mu wayamo mumabadwa magetsi. Minyewa ya mu ubongo nayonso imatumizirana mauthenga ndi timagetsi tating'ono. Mu 1985 Anthony Barker ndi anzake ku Sheffield, ku England, anaika kachipangizo ka maginito pamwamba pa mbali ya ubongo yoyendetsa minofu, ndipo dzanja la munthuyo linagwedezeka lokha, iye osamva kupweteka kwenikweni. Mphamvu ya maginito imadutsa chigaza mosavuta, n'kudzutsa timagetsi m'minyewa imene ili masentimita awiri kapena atatu mkati. Madokotala amaitchula njirayi mwachidule kuti TMS. Kugunda kothamanga kumatakasa mbali ya ubongo imene yakhudzidwa, pamene kugunda kwapang'onopang'ono kumaiziziritsa. Zithunzi za ubongo zinali zitaonetsa kale kuti wodwala akamamva mawu, mbali zoona za kuyankhula ndi kumva chiyankhulo zimakhala zikugwira ntchito. Akatswiri ambiri amaganiza kuti munthuyo akumva kalankhulidwe ka mumtima mwake momwe, kamene aliyense ali nako, koma ubongo wake ukulephera kukazindikira kuti n'kake. Hoffman anaganiza kuti ataziziritsa mbali imeneyo, mawu angachepe.

Pali anthu amene akamva izi amathamangira kunena kuti nkhani ya mzimu yatha basi. Kuganiza kotere kwadumpha sitepe. Mayi akaitana mwana wake kudambo, mbali zomwezo za ubongo wa mwanayo zimagwira ntchito, ndipo palibe amene amati mayiyo kulibe chifukwa choti kuitana kwake kwadzera mu ubongo. Kumva kulikonse kwa munthu wamoyo kumadzera mu ubongo: nyimbo ya kwaya, kulira kwa belu, ulaliki wa wansembe. Chithunzi cha ubongo chimaonetsa kumene mawu akudzera, ndipo funso la kumene achokera limatsala chikhalire. Komanso kuti chinthu cha m'thupi chingasokoneze maganizo n'chodziwika kale kwa mayi aliyense amene anagonera mwana wodwala malungo aakulu. Mwanayo amabwebweta, amaona zinthu zimene kulibe, saazindikira makolo ake. Akalandira mankhwala malungo n'kutsika, nzeru zimabwerera. Pachipatala palibe amene amati jakisoni wachiritsa mzimu wa mwanayo, kapena kuti jakisoni waonetsa kuti mwanayo analibe mzimu.

Ena pofuna kuteteza chikhulupiriro amapereka fanizo la ng'oma. Amati chikopa chikalefuka ng'oma imalira moipa, koma woyimba ndi yemweyo; kuiyandikiza kumoto kuti chikopa chilimbe sikumukhudza woyimbayo. Fanizoli n'lothandiza, koma limatsimphina. Mpingo suphunzitsa kuti mzimu ndi mlendo wogwiritsa ntchito thupi ngati chida. Msonkhano wa ku Vienne mu 1312 unaphunzitsa kuti mzimu ndiwo umachititsa thupi kukhala thupi la munthu wamoyo, ndipo Katekisimu wa Mpingo wa Katolika pa ndime 365 amabwereza kuti mzimu ndi thupi zimapanga munthu mmodzi. Choncho yankho la funso lija n'lakuti maginito sangagwire mzimu monga amagwirira msomali, pakuti mzimu si chitsulo, komabe wokhudza ubongo wakhudza munthu weniweniyo. N'chifukwa chake thandizo lake lingakhale thandizo lenileni kwa munthu yense wathunthu, ndipo n'chifukwa chakenso kulakwitsa pa ubongo n'koopsa kuposa kulakwitsa pa chala.

Za kusiyanitsa mawu ochokera kwa Mulungu ndi mawu a matenda, Mpingo unayamba kuziganizira maginito asanabwere. Tereza Woyera wa ku Avila, amene iye mwini ankamva mawu popemphera, analemba za nkhaniyi mu 1577 polangiza masisitere ake. Anati mawu a Mulungu amadziwika ndi zipatso zake: amachita zimene anena, amasiya mtendere waukulu mumtima, ndipo sachoka msanga m'chikumbumtima. Anadziwanso kuti masisitere ena ankamva mawu chifukwa cha kudwala, ndipo malangizo ake kwa akuluakulu a nyumba anali odabwitsa pa nthawi imeneyo. Anawauza kuti mlongo wotere asamuopseze pomuuza kuti ndi Satana, amumvetsere monga wodwala, ndipo pena amuchepetsere nthawi ya mapemphero kuti mutu upume. Mayi wa mapemphero ngati Tereza kulamula kuti wodwala achepetse mapemphero! Mnzake Yohane Woyera wa Mtanda anapita patali, nalangiza kuti munthu asadalire mawu ndi masomphenya ngakhale akuoneka abwino, pakuti Mulungu ananena zonse mwa Mwana wake.

Poyeza ndi muyeso wa Terezawu, mawu amene amauza mnyamata usiku wonse kuti ndi wachabechabe, kuti amayi ake akumupangira chiwembu, kuti adzivulaze, sangakhale a Mbusa Wabwino. Kuwachepetsa sikutseka pakamwa pa Mulungu. Odwala ambiri akapeza bata ndi pamene amathanso kutsatira Misa kuyambira poyamba mpaka dalitso lotsiriza, kumva Mthenga Wabwino popanda wina wowatukwana m'khutu. Ndipo Mulungu amene analenga chitsulo ndi mphamvu yake sasowa munthu womutchinjiriza ku kachipangizo ka waya.

Nanga bwanji za mizimu yoipa? Mpingo umakhulupirira kuti ilipo, ndipo uli ndi mwambo woitulutsa, umene wansembe amachita pokhapokha episkopi atamulola. Koma Katekisimu yemweyo pa ndime 1673 amanena mosapsatira kuti matenda, makamaka a maganizo, ndi nkhani ina, yoyenera madokotala, ndipo kuti mwambowo usanachitike payenera kutsimikizika kuti si matenda. Lamuloli limaiwalika kawirikawiri. Banja limatenga mwana wake kupita naye ku mapemphero a usiku, ndipo kumeneko wina amalamula kuti mapiritsi atayidwe chifukwa kumwa mankhwala n'kusowa chikhulupiriro. Pakapita miyezi ingapo mawu aja amabwerera ndi mphamvu, ndipo kudwala kulikonse kobwereza kumatenga kanthu kena pa moyo wa munthuyo: sukulu, ntchito, chibwenzi. Buku la Mphunzitsi Sira pa mutu 38 limaika pemphero ndi sing'anga wa zamankhwala pamodzi, monga mphatso ziwiri za Mlengi mmodzi. Wolekanitsa ziwirizi ali ndi mlandu pa zimene zidzamuchitikire wodwalayo, ngakhale atachita ndi mtima wabwino.

Koma kunena kuti kuchiza ubongo n'kololedwa sikutanthauza kuti kuchiza kulikonse n'koyenera. Pano mbiri ya zachipatala ili ndi bala lalikulu. Mu 1935 ku Lisbon, Egas Moniz anayambitsa opaleshoni yodula minyewa ya kutsogolo kwa ubongo mwa odwala maganizo, ndipo mu 1949 analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha ntchitoyo. Anthu zikwizikwi ku America ndi ku Ulaya anachitidwa opaleshoni imeneyi. Ambiri anafatsadi. Anasiya kukuwa, anasiya kuvuta anamwino, koma ochuluka anasiyanso kulakalaka kanthu, kukonza za mawa, kusankha okha zochita, ndipo panalibe njira yobwezera zimene zinadulidwa. Wovomereza opaleshoniyo kawirikawiri sanali wodwala. Anali achibale otopa kapena akuluakulu a zipatala zodzaza. Mu Seputembala 1952 Papa Pius XII, poyankhula kwa akatswiri a minyewa amene anasonkhana ku Roma, anaika malire: munthu sangalole chithandizo chimene chimachepetsa ululu koma n'kuwononga kapena kuchepetsa kwamuyaya ufulu wake wa kuganiza ndi kusankha. Ndipo chimene wodwala mwini sangachilole, mbale wake kapena boma sangachilolenso m'malo mwake.

Pa muyeso umenewu TMS ikuima bwino. Palibe chodulidwa, wodwala sagonekedwa tulo, amadzuka pampando n'kupita kwawo. Zovuta zake zodziwika ndi mutu, kuwawa pakhungu pamene kachipangizo kanagunda, ndi phokoso lofuna zotsekera m'makutu. Mwa apo ndi apo wina amatha kugwa ngati wa khunyu, n'chifukwa chake madokotala amafunsa kaye mbiri ya munthu, ndipo amene ali ndi chitsulo m'mutu kawirikawiri saloledwa. Siifanananso ndi chithandizo cha magetsi chimene chinayambira ku Roma mu 1938, chija chimachititsa dala kuti thupi ligwidwe ngati khunyu wodwala atagonekedwa tulo.

Komabe funso limene opaleshoni ya Moniz inasiya silinathe: bata limene likufunidwalo n'la yani? Banja lotopa lingafune kuti m'nyumba mukhale zii, ndipo palibe angaliweruze, pakuti kusamala wodwala wotere zaka khumi ndi mtanda weniweni. Koma zimene wodwala akufuna zingakhale zina. Mu 1987 dokotala wa ku Netherlands, Marius Romme, anapempha pa wailesi ya kanema kuti anthu omva mawu alumikizane naye, ndipo anapeza kuti ena mwa iwo ankakhala nawo mawuwo bwinobwino, akugwira ntchito ndi kulera ana. Pali odwala amene amafuna kuti mawu otukwana achoke koma amaopa kutaya liwu limodzi limene limawasangalatsa pa kusungulumwa kwawo. Wina angaseke zimenezi, koma ayenera kufunsa kaye kuti ndi anthu angati amene amamuyendera wodwalayo pa sabata. Akale anati wamisala anaona nkhondo, kutanthauza kuti mawu a munthu wonyozeka nawonso amveredwe. Ndipo TMS ili ndi khalidwe limodzi lokakamiza dokotala kumvera: palibe kuyeza magazi kumene kungaonetse kuti mawu achepa. Mboni yokhayo ndi wodwala. Dokotala amafunsa kuti mawu akubwera kangati, akumveka mokweza bwanji, akusautsa motani, ndipo amalemba zimene wauzidwa. Ngati umboni wa munthuyo ukukhulupiriridwa pambuyo pa chithandizo, palibe chifukwa chokanira kumufunsa chithandizo chisanayambe. Zilipodi nthawi zimene matenda amakula mpaka munthu kukhala pangozi, ndipo malamulo amalola kumugoneka m'chipatala iye asakufuna. TMS si chithandizo cha nthawi yangozi ngati imeneyo, choncho palibe chodzikhululukira choikira kachipangizoko pamutu pa munthu amene wakana.

Palinso udindo wonena zoona za mphamvu yake. Zotsatira za kafukufuku zasakanikirana. Ku Utrecht mu 2011, kafukufuku wokulirapo sanapeze kusiyana pakati pa odwala amene analandira maginito enieni ndi amene anaikidwa kachipangizo konamizira. Mu 2015 akatswiri a bungwe la Cochrane anasanthula kafukufuku 41 ndipo anati umboni sunakwane woti n'kuvomereza kapena kukana njirayi. Mu 2017 gulu la Sonia Dollfus wa ku Caen, ku France, linalengeza za odwala 59: pakati pa olandira maginito enieni, pafupifupi mmodzi mwa atatu anapeza kusintha kooneka patatha masabata awiri, pamene mwa enawo anali pafupifupi mmodzi mwa khumi. Ndiye kuti awiri mwa atatu sanathandizike mokwanira, ndipo ngakhale kwa othandizidwa mawu amakonda kubwerera pakapita nthawi. Ku America boma linavomereza TMS mu 2008 pa matenda a kukhumudwa kwakukulu, osati pa schizophrenia. Amene amaigwiritsa ntchito pa mawu amaiwonjezera pa mankhwala, salowetsa m'malo mwa mankhwala. Munthu wouza banja losauka kuti kunja kuli makina ochiziratu misala, banjalo n'kugulitsa munda, wachimwira lamulo lachisanu ndi chitatu pamodzi ndi lachisanu ndi chiwiri. Zibangili ndi malamba a maginito amene amalonda ena amayenda nawo sizigwirizana m'pang'ono pomwe ndi makina a kuchipatalawa. Maginito ongokhala phee sadzutsa magetsi mu ubongo wa munthu.

Kwa mabanja ambiri a kuno, makina otere ali kutali: ndi odula, amafuna magetsi osazimazima ndi akatswiri ophunzitsidwa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Chimene chili pafupi ndi chipatala cha boma cha pa boma, kumene kuli anamwino ndi madokotala oona za maganizo, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo ku Zomba, ndi ntchito ya Abale a Yohane wa Mulungu Woyera ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mankhwala akale monga chlorpromazine ndi haloperidol ali ndi zovuta zake, amalemeretsa thupi, pena amaumitsa khosi kapena kunjenjemeretsa manja, koma zovutazo dokotala angazichepetse akauzidwa msanga, ndipo n'kwabwino kubwerera kukadandaula kusiyana ndi kungosiya mwakachetechete. Zimene zimagwetsa odwala ambiri n'zazing'ono: ndalama ya minibasi ya tsiku lokatenga mankhwala, munthu wowaperekeza, wina wokumbutsa madzulo. Izi mphakati ungazikwanitse popanda kudikira makina ochokera ku Ulaya.

Yohane wa Mulungu mwiniwake ankadziwa za m'kati mwa nyumba ya amisala. M'zaka za m'ma 1530 ku Granada, atamva ulaliki wa Yohane wa ku Avila, anayamba kuchita zinthu zimene anthu anati wapenga, ndipo anamutsekera m'chipatala cha mfumu kumene chithandizo chinali unyolo ndi chikwapu. Atatuluka anayamba kutola odwala m'misewu n'kuwasamala m'nyumba imene anachita lendi, mpaka imfa yake pa 8 Malichi 1550.

Ku Belgium kuli tauni yotchedwa Geel, kumene kuli manda a Dymphna Woyera, nkhoswe ya odwala maganizo. Zaka mazana asanu ndi awiri zapitazo anthu anayamba kubwera ndi odwala awo kudzapemphera kumeneko. Chipinda cha odwala cha pambali pa tchalitchi chitadzaza, ansembe anapempha akhristu a m'tauniyo kuti alandire alendowo m'nyumba zawo. Ena mwa alendowo sanabwererenso kwawo. Anakhala m'mabanjamo, akudya patebulo limodzi ndi eni nyumba, akugwira ntchito m'minda ndi m'makola. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 anthu otere analipo pafupifupi 4,000. Lero chiwerengero chatsika kwambiri, ndipo chipatala cha boma ndicho chimasankha mabanja, kupereka mankhwala ndi kutumiza anamwino kukayendera. Ena mwa alendo a ku Geel sanasiye kumva mawu. Banja lolandira mlendo nthawi zambiri siliuzidwa n'komwe dzina la matenda ake. Limauzidwa dzina la munthuyo, zimene amakonda, ndi zimene zimamuvuta.